Tifunseni: Nyama yamphongo ikaiwala mantha nyengo yokwerana

Makalata a mwezi uno achokera m'boma la Mangochi. Akuyankha ndi alangizi athu a za nyama zakutchire, mothandizana ndi dokotala wa ziweto.

Alangizi, kwathu kuno kum'mawa kwa nyanja ya Malombe, nthawi yokolola ikafika timamva kubangula usiku kuchokera cha kupaki. Ana amati ndi mkango. Agogo athu, amene anali mlenje kalekale, akuti ndi nswala yamphongo, ndipo akuti miyezi imeneyi mlenje ankaiyandikira osathawa. Kanyama kamantha ngati kameneka kangabangule zoona? — Che M.J., kwa Chowe

Che M.J., agogowo musawakayikire. Nswala imene akunenayo, ija ya mizere yakuda kumatako imene alonda a ku Liwonde amaitchula impala, imakwerana mvula ikangotha. Zimayamba pang'onopang'ono mu Epulo, zimafika pachimake mu Meyi, ndipo chipwirikiti chenichenicho chimatenga pafupifupi masabata atatu. Chaka chonse mphongo imakhala chete. Masabata amenewa khosi lake limatupa, ubweya umada ndi mafuta otuluka pakhungu, ndipo imabangula usana ndi usiku.

Kuliraku kuli ndi dongosolo lake. Imayamba ndi kufwenthera m'mphuno kawiri kapena katatu mwamphamvu, kenako kumabwera kubuula kwa pakhosi kodukizadukiza. Mukaiona ikulira, khosi yatambasulira kutsogolo, kukamwa yasamu, lilime lili kunja, mchira yaimika n'kuyala ubweya woyera wa kunsi kwake. Kholingo lake limatsikira m'munsi cha kuchifuwa, n'chifukwa chake mawu amatuluka aakulu kuposa thupi la nyama ya makilogalamu 60. Usiku wa bata amamveka mtunda wopitirira kilomita imodzi.

Koma musathamangire kuuza ana kuti kulibe mkango. Mikango inabwezeretsedwa m'paki ya Liwonde mu 2018, chaka chomwenso bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Mangochi imene yagundana ndi pakiyo kumpoto. Siyanitsani chonchi. Mkango umayamba ndi kubuula kwakutali kokoka, kumakwera, kenako kumathera ndi kugunda kwafupikufupi kambirimbiri kumene kumanka kucheperachepera. Kambuku amalira ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo. Nswala yokha ndiyo imayamba ndi kufwenthera, ndipo kulira kwake sikukhala pamalo amodzi chifukwa imalira ikuthamanga. Kukacha onani pansi: chiboda cha nswala n'chosongoka, chogawikana pakati, chotalika masentimita 5 kapena 6, pomwe phazi la mkango n'lobulungira, lopitirira masentimita 10, lopanda zikhadabo. Mukaona phazi lotere kunja kwa mpanda, auzeni a gemu tsiku lomwelo.

Tsono za kusathawa. Mphongo iliyonse yamphamvu imadzigawira kadera kake. M'malire imaunjika ndowe pamalo amodzimodzi, imapaka fungo la pamphumi pa nthambi, imamenya zitsamba ndi nyanga. Gulu la zazikazi likalowa m'deralo, ntchito yake ndi kuziletsa kutuluka, kununkhiza iliyonse kuti ipeze imene yakonzeka, ndi kupitikitsa mphongo zinzake, ngakhale tiana tamphongo ta chaka chatha timene tikadali pambali pa amawo. Kudya imangolawa. Kugona kulibe. Ngakhale kudzipesa ndi mano, kumene nswala imachotsera nkhupakupa, imakusiya, moti mphongo yolamulira dera imakhala ndi nkhupakupa zochuluka kangapo kuposa zazikazi. Pachimake pa nyengoyi, mphongo zambiri sizitha kusunga dera kupitirira sabata imodzi ndi masiku pang'ono. Zimatheratu mphamvu, ina n'kuzilanda. Nyama yotopa chonchi, maso ali pa mnzake, ndiyo imene mlenje ankaifika pafupi. Mikango ndi akambuku nazonso zimadziwa zimenezi, ndipo mu Meyi zimagwira mphongo zambiri.

Chinthu china chimene chinkadabwitsa alenje ndi kuona mphongo itaima njii, mutu m'mwamba, mlomo wam'mwamba utapindikira kumphuno, mano ali poyera, maso ali tsinzinitsinzini. Ena ankati yalodzedwa. Ayi. Yangonunkhiza mkodzo wa yaikazi, ndipo ikukokera fungolo m'kachiwalo kamene kali kudenga la m'kamwa, kamene kamaiuza ngati yaikaziyo yakonzeka. Tonde wa mbuzi kwanuko amachita chimodzimodzi.

Bere la nswala ndi la miyezi 6 ndi theka, choncho ana amabadwa mu Novembala ndi Disembala msipu ukamaphuka, pafupifupi onse m'masabata ochepa. Afisi ndi akambuku amadyako, koma sangathe onse pakamodzi. Nkhani yoti nswala imatha kusunga mwana m'mimba mwezi wathunthu kudikira mvula ndi nthano chabe. Mvula ikachedwa, ana obadwa msanga amafa osaonedwa, anthu n'kumaona okhawo obadwa mochedwa. Za mwezi wa kumwamba zokha ndiye zili ndi umboni: ofufuza ku Sengwa m'dziko la Zimbabwe anapeza kuti kukwerana kwa nswala kumachuluka pakati pa mwezi wathunthu umodzi ndi unzake.

Achimwene, ndimaonera mavidiyo a alenje a ku America pa Facebook. Wina anagundanitsa nyanga ziwiri m'manja, nyama yamphongo n'kubwera chothamanga mpaka pamaso pake. Ina inkayenda itanyamula mutu wa inzake yakufa pa nyanga zake. Kodi si zopeka pa kompyuta? Nanga nyama zathu zimatero? — Mnyamata wa ku Mpondasi

Si zopeka, achimwene. Nyama zimenezo ndi deer, ndipo kuno kulibe. Mu Africa monse mtundu umodzi wokha wa deer ndiwo ndi wa konkuno, ndipo umakhala kumapiri a Atlas, ku Algeria, Tunisia ndi Morocco. Zathu zonse, nswala, mbawala, gwape, ngoma, chuzu, mphalapala, ndi za banja la mbuzi ndi ng'ombe.

Kusiyana kwakukulu kuli pa nyanga. Nyanga ya nswala kapena ngoma ili ndi fupa mkati, kunja chikamba cholimba, ilibe mphanda, ndipo imamera kamodzi pa moyo wonse, ikathyoka yathyoka. Ya deer ndi fupa lokhalokha la mphandamphanda, ndipo imagwa chaka chilichonse n'kumeranso ina. Ikamakula imakutidwa ndi khungu lofewa laubweya lodzadza ndi mitsempha ya magazi, ndipo mu mitundu ikuluikulu monga elk imatha kutalika masentimita 2 pa tsiku. Nyengo yokwerana ikayandikira, magazi amaleka kupitako, khungulo limauma, mphongo n'kulikhula pa timitengo mpaka kusenda makungwa. Nyanga zimene mlenje uja anagwira m'manja mwina anangotola pansi.

Kalendala yawonso ndi yotembenuka. Chimene chimadzutsa thupi la deer ndi kufupika kwa usana. Ku Scotland usana umachoka pa maola oposa 17 mu Juni kufika pa maola 7 mu Disembala, choncho red deer zimakwerana kuyambira kumapeto kwa Seputembala mpaka Okutobala yense. Kumpoto kwa United States, white-tailed deer zimene mumaonerazo zimafika pachimake mu Novembala, ndipo ana amabadwa patapita masiku 200 pafupifupi, mu Meyi ndi Juni. Kuno ku Mangochi usana wautali ndi waufupi zimasiyana ndi ola limodzi ndi mphindi 40 zokha. Kumeneko n'kokwanira kuti nswala ikhale ndi nyengo yake usana ukamafupika mu Meyi, koma cha ku Kenya, kumene usana susintha, nswala zimaswana chaka chonse.

Kugundanitsa nyanga kumagwira chifukwa mphongo ziwiri sizimenyana chabe. Pamene pali ndewu, kawirikawiri pafupi pali yaikazi yokonzeka, ndipo yaikaziyo imalola kwa maola 24 okha. Mphongo yachitatu ikamva phokosolo imathamangira kuti mwina ibe mkazi eni ake ali kalikiliki. Mavidiyo sakuonetsani nthawi zimene njirayi yalephera, zimene ndi zambiri. Mphongo yaikulu imayamba yazungulira kumene mphepo ikulowera, imve fungo isanaonekere, ndipo ikamva munthu imabwerera mwakachetechete. Kumene zazikazi zachuluka kwambiri kuposa mphongo, palibe yovutikira ndewu. Ndipo pachimake penipeni mphongo ikapeza yaikazi imabisala nayo m'tchire tsiku limodzi mpaka atatu, alenje n'kumadandaula kuti nyama zasowa. Yaikazi imene sinatenge bere imakonzekanso pakapita masiku 28, n'chifukwa chake mu Disembala chipwirikiti chimayambiranso pang'ono.

Alenje a kumeneko amawerenganso pansi. Mphongo imapalasa masamba ndi ziboda mpaka dothi litaonekera, kabwalo ka mita imodzi, pansi pa nthambi yolendewera. Nthambiyo imaitafuna ndi kuipaka fungo la kumaso. Kenako imagundanitsa miyendo yakumbuyo n'kukodzera pa timaubweya ta mkati mwa mfundo za miyendoyo, mkodzo n'kutsikira pa kabwaloko. Ubweyawo umada bii, ndipo fungo lake munthu amalimva ali patali. Nyengo ikamatha, mphongo imakhala itataya gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake. M'masabata amenewa ndimo mumachitika zodabwitsa zonse: kugunda chifanizo cha deer cha pulasitiki, kumenyana ndi chithunzithunzi chake pa galasi la nyumba, kubaya mphongo inzake imene mlenje wangoiombera ili gone pansi.

Ya mutu wakufa ija inayamba ndi ndewu. Mphanda zikakankhana mwamphamvu zimapindika pang'ono n'kulowana, kenako n'kubwerera m'malo mwake zitakolana. Nthawi zambiri zonse ziwiri zimafa ndi ludzu ndi kutopa. Mwa apo ndi apo imodzi imayamba kufa, zilombo n'kudya thupi lake, yamoyoyo n'kutsala ndi mutu mpaka nyanga zake zitagwa. Zimenezi kwathu zimachitikira ngoma. Nyanga za ngoma yamphongo ndi zopotana, zotalika kupitirira mita imodzi, ndipo zikalowana ngoma ilibe mwayi wa deer woti zidzagwa. Alonda amangopeza zigaza ziwiri zolumikizana.

Ndewu yeniyeni siichitika kawirikawiri monga mavidiyo amaonetsera. Pa chilumba cha Rum ku Scotland, kumene ofufuza akhala akutsata red deer imodziimodzi kuyambira zaka za m'ma 1970, anaona kuti mphongo zimayamba kupikisana pa kubangula, kenako zimayenda moyandikana mbali ndi mbali kuyesana maso, ndipo nyanga zimagundana pokhapokha palibe yagonja. Nswala imachitanso chimodzimodzi, ndipo mphalapala ikafika pa ndewu imagwada n'kumenyana ili chogwada.

Tikuchenjezeni, poti ndinu mnyamata: musakayese zimenezi kuthengo. Alenje a m'mavidiyowo ali ndi ziphaso, nyengo yoikidwa ndi boma lawo, ndi chiwerengero cha nyama zololedwa. Kuno m'paki ndi m'nkhalango zotetezedwa kusaka n'koletsedwa, ndipo lamulo la National Parks and Wildlife Act, lomwe linakhwimitsidwa mu 2017, limafika mpaka zaka 30 za ukaidi pa nyama zotetezedwa kwambiri.

Bambo alangizi, sabata yatha mbawala yamphongo inaima m'munda mwathu mwa nandolo dzuwa lili pamutu. Agalu anauwa, ana anakuwa, iyo osasuntha, dovu likutsika kukamwa. Anthu ena akuti inali pa nyengo yokwerana, tikanangoipha n'kudya. Inapita yokha madzulo. Tinalakwa kuisiya? — Mayi A.S., Namwera

Mayi, munachita bwino, ndipo funso lanu ndilo lofunika kuposa onse mwezi uno. Mbawala ilibe nyengo imodzi ngati nswala. Imaswana mwezi uliwonse, ndipo mphongo zake sizibangula kapena kusonkhanitsa zazikazi. Choncho mawu oti "ili pa nyengo" sangafotokoze zimene munaona.

Mphongo imene yatengeka ndi zokwerana maso ake amakhala akuthwa, makutu ali njo, ndipo imayang'ana chinachake: yaikazi kapena mnzake. Mbawala ziwiri zikakumana, iliyonse imaimika ubweya wa pamsana, imapinda msana, n'kumayenda pang'onopang'ono miyendo itauma, kuzungulirana. Ikhoza kukunyalanyazani kwa mphindi zingapo, koma mphepo ikaibweretsera fungo lanu imauwa kamodzi n'kulowa m'tchire. Palinso kuima duu kwachizolowezi, pamene mbawala imadalira kuti simunaione. Kumeneko kumatha mukangoyandikira. Nyama yoima pambalambanda masana, agalu ali pafupi, dovu likutsika, ndi yodwala kapena yovulala.

Zoyamba kuganizira ndi zitatu. Khwekhwe ya waya imalowa m'khosi kapena m'mwendo mpaka waya osaoneka; mudzaona kutupa, ntchentche, kutsimphina, ndi fungo la bala. Vutoli si laling'ono dera lino: African Parks itayamba kuyang'anira Liwonde mu 2015, alonda anachotsa makhwekhwe oposa 30,000. Chachiwiri ndi chiwewe. Anthu amachidziwa pa agalu, koma chimagwira nyama iliyonse yoyamwitsa, ndipo pa nyama zodya udzu chizindikiro chake chachikulu ndi kutha mantha kumeneku, dovu, kulephera kumeza, kudzandira miyendo yakumbuyo. Ku Namibia, pakati pa 1977 ndi 1985, chiwewe chinapha ngoma zoposa 30,000, ndipo zodwalazo zinkalowa m'mabwalo a nyumba za anthu osaopa kanthu. Chachitatu ndi nthenda ya anthrax, imene inapha mvuu zambiri mu mtsinje wa Shire ku Liwonde mu 2018. Imeneyi imapha msanga, moti nthawi zambiri mumangopeza mtembo.

Mukaionanso, chitani izi. Lowetsani ana m'nyumba, mangani agalu, tsekerani mbuzi. Khalani mamita osachepera 50, ndipo musaitsekereze pakona. Isiyireni njira yolowera kutchire. Mbawala yovulala ndi imodzi mwa nyama zoopsa kwambiri pa msinkhu wake. Imabwera mutu uli pansi, ndipo nyanga zake za masentimita 30 kapena kuposa zimalasa m'ntchafu ndi m'mimba. Agalu ambiri a uzimba anathera pamenepo. Jambulani ndi foni muli patali, dziwitsani amfumu, a gemu ndi mlangizi wa ziweto.

Mukaipeza itafa, onani osaigwira. Mimba yotupa msanga, miyendo yosauma, magazi akuda osaundana otuluka m'mphuno, m'kamwa ndi kumbuyo, zimaloza ku anthrax. Musaisende, musaitumbule. Tizilombo take tikakhudzana ndi mpweya timadzikuta m'chikamba, n'kukhala m'dothi zaka makumi angapo, ndipo kufutsa kapena kuwamba nyamayo sikutipha. Funditsani mtembowo ndi pulasitiki ndi minga kuti agalu ndi miimba zisafikepo, mudikire a vetenale. Iwo adzautentha kapena kuukwirira m'dzenje lakuya mamita 2. Amene waugwira kale ayang'anire chilonda chosapweteka chakuda pakati, ndipo chikatuluka apite kuchipatala msanga, mankhwala ake alipo.

Dovu likagwera pa bala kapena m'maso, kapena wina walumidwa, tsukani ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 zathunthu, kenako kuchipatala tsiku lomwelo kukalandira katemera. Musadikire zizindikiro, chifukwa chiwewe chikaonekera sichichizika. Izi zikukhudzanso ziweto: ng'ombe ikamatsika dovu, musapise dzanja kukamwa poganiza kuti yatsamwa ndi chitsononkho. Ndipo agalu anu aja amene anaiyandikira, kodi analandira katemera chaka chino?

Alangizi, mwana wathu anatola kagwape kakang'ono pososa m'munda, tinakalera ndi mkaka wa mbuzi. Pano kakwana chaka, kamera nyanga. Kayamba kugunda bambo a kunyumba m'miyendo, ndipo kakupaka zinthu zakuda zonata pa miyendo ya mipando. Kodi kapenga? — Mayi F.L., kwa Nankumba

Sikanapenge, mayi, kakula. Pansi pa diso lililonse la gwape pali kamng'alu kotulutsa zonata zija. Kuthengo mphongo imapaka zimenezo pa timitengo pouza anzake kuti dera lili ndi mwini. Mipando yanu yasanduka malire, ndipo bambo a kunyumbawo asanduka mphongo inzake.

Nyama yoleredwa ndi anthu kuyambira ili khanda imakula ikudziwa kuti anthu ndiwo mtundu wake. Ikakhwima, zonse zimene ikanachitira agwape anzake imachitira inu. Gwape wakuthengo amakuthawani. Uyu alibe chifukwa chothawira. Kumaiko a deer n'chimodzimodzi: mphongo zoleredwa pakhomo zavulaza ndi kupha eni ake nyengo yokwerana. Ngakhale ku Richmond Park mu London, kumene deer zinazolowera anthu, oyang'anira amalamula kuti munthu akhale mamita 50 kutali.

Nyanga za gwape n'zazifupi, pafupifupi masentimita 10, koma n'zowongoka ndi zosongoka, ndipo amalasa chokweza. Kwa munthu wamkulu zimafika m'ntchafu, mmene muli mtsempha waukulu wa magazi. Kwa mwana wa zaka zitatu zimafika pamimba ndi kumaso. Kuyambira lero ana asaseweretsenso. Aliyense asakankhe mutu wake ndi dzanja kapena phazi, chifukwa kwa iye kumeneko n'kuvomera ndewu. Mutsekereni mu mpanda wa mamita 2 wopanda mipata pansi, chakudya ndi madzi muzipereka muli kunja, ndipo mukafuna kulowa tsogozani chitseko kapena thabwa lalikulu.

Musadule nyanga: mkati muli fupa lamoyo, adzataya magazi ambiri ndipo bala lidzalowa mphutsi. Kumufula pano sikuchotsa khalidwe limene waphunzira kale. Kukamutaya kuthengo nokha n'kumupereka kwa agalu, poti sawaopa. Pitani ku ofesi ya a gemu yapafupi nanu mukafotokoze mmene munamupezera. Kusunga nyama yakutchire popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo ndi bwino kukanena nokha kusiyana n'kuti akupezeni naye.

Mwana wanuyo mumuuze kuti kagwape kogona kokha m'udzu si kamasiye. Make amakabisa dala kwa masabata angapo, amabwera kawiri kapena katatu pa tsiku kudzayamwitsa, ndipo nthawi imene ankakatolayo ayenera kuti anali pafupi akuyang'ana.

Akuluakulu amati nyama ya mphongo yophedwa nyengo yokwerana imanunkha ndipo imalimba. Ine ndimapha mbuzi zogulitsa, ndipo atonde ena amandibwezetsa makasitomala. Chifukwa chake n'chimodzi? — Che Y.K., M'baluku

N'chimodzi, Che Y.K. Za nyama yakutchire tingonena kuti kugula kapena kugulitsa popanda chilolezo ndi mlandu. Tiyeni tikambe za atonde anuwo.

Fungo lambiri silikhala mu mnofu, limakhala pa chikopa. Tonde ali ndi tizigawo ta fungo kuseri kwa nyanga, ndipo amadzikodzera pa ndevu ndi miyendo yakutsogolo, monga mmene red deer imadzikodzera pamimba n'kukagubuduka m'matope. Chuzu naye amatchuka ndi fungo chifukwa cha mafuta a mu ubweya. Fungolo limafika pa nyama kudzera m'dzanja ndi mpeni. Khalani ndi mipeni iwiri, wina wa chikopa, wina wa mnofu. Chotsani mutu msanga. Posenda pindirani chikopa kunja kuti ubweya usakhudze nyama, dzanja logwira chikopa lisagwire mnofu, ndipo chikhodzodzo chichoke chathunthu osaboola.

Kulimba ndi kuda kwa nyama kumachokera ku kutopa. Mu mnofu wa nyama yopuma bwino muli shuga wosungidwa, amene ikaphedwa amasanduka asidi. Asidiyo ndiye amafewetsa nyama, kuipatsa mtundu wowala ndi kuletsa kuola msanga. Mphongo imene yakhala ikuthamanga osadya shugayo yatha, choncho nyama yake imatuluka yakuda, youma, ndipo m'kutentha kwa Mangochi siichedwa kuonongeka. Tonde amene wabwera atamangidwa pa njinga kuchokera ku Chilipa ali chimodzimodzi. Mpumitseni pa mthunzi maola 12 mpaka 24, madzi alipo, kutali ndi zazikazi ndi atonde achilendo. Kwa alimi amene mumagulako, alimbikitseni kufula ana a mbuzi osafunika pa mbewu akadali aang'ono: mphira m'sabata yoyamba, kapena chopanira cha mlangizi asanapitirire miyezi itatu.

Ndimayendetsa njinga yamoto ya kabaza msewu wa Mangochi kupita ku Namwera. M'mamawa wina nyama inadumpha msewu m'mapiri muja, nditangoti yapita, ina n'kutulukira pomwepo. Ndinatsala pang'ono kugwa ndi kasitomala. — Achimwene I.B., Chiponde

Yoyambayo kawirikawiri ndi yaikazi kapena mphongo yothamangitsidwa, ndipo yachiwiriyo maso ake ali pa inzakeyo, osati pa inu. Ku United States ngozi za galimoto ndi deer zimachuluka kwambiri mu Novembala pa chifukwa chomwechi. Mukaona imodzi, werengerani kuti ilipo ina kumene yachokerako, makamaka mbandakucha ndi chisisira.

Pa liwiro la makilomita 80 pa ola mumafuna mamita oposa 50 kuti muime. Pa 50 mumafuna 25 mpaka 30. Nyali zotsitsa siziwala kufika pa mamita 50 aja, choncho m'nkhalango usiku musapitirire 50. Nyama ikaima pamsewu, nyali zakuthwa zaithobwa m'maso: tsitsani nyali, imbani hutala, gwirani mabuleki onse awiri njinga ili chowongoka. Musakhotere mwadzidzidzi, chifukwa pa makona a mapiri amenewo phompho kapena lole yobwera ndi zoopsa kuposa gwape. Ngoma ndiyo yoyenera kuiopa: yamphongo imapitirira makilogalamu 200, imadumpha mamita 2 itaima, ndipo ikasokonezeka imatha kudumphira kumene kuli kuwala.

Mukaigunda, musaiyandikire ikadali kuphupha, ndipo musaikweze pa njinga. Mukapezeka nayo pa rodibuloko adzakutengani ngati wopha nyama mozemba. Ikani nthambi pamsewu mamita 50 mbali zonse kuti anzanu aone, kenako imbirani apolisi kapena a gemu.